Tsiku limene ndinatuluka mayina asanathe

Pali chizolowezi chimene mafilimu a Marvel, kampani ya ku America yopanga mafilimu a ngwazi zamphamvu zodabwitsa, anatiphunzitsa, ndipo aliyense amene anawatsatira kwa zaka zingapo akuchidziwa bwino. Filimu ikatha, mayina a anthu amene anaigwirira ntchito akayamba kukwera pa kanema, munthu sudzuka pampando. Umakhala pomwepo mphindi zisanu kapena khumi, ukuwerenga mayina a anthu osawadziwa, chifukwa ukudziwa kuti kutsogoloko kuli kachigawo kakang'ono kokulawitsa filimu yotsatira. Mwambowu unakhazikika mu 2008, pamene Samuel L. Jackson, atavala chigamba pa diso, anatulukira kumapeto kwenikweni kwa Iron Man n'kuuza Tony Stark, mwini filimuyo, kuti asamadziyese ngwazi yokhayo pa dziko lapansi. Ine ndinausunga mokhulupirika kwa zaka zoposa khumi, ndipo ndinauphwanya mu Novembala 2023 mu holo ina yoonetseramo mafilimu ku Johannesburg, kumene ndimagwira ntchito.

Tsikulo ndinapita ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anabadwa chaka chomwecho cha 2008. Filimu inali The Marvels, ya nambala 33 pamndandanda wa mafilimu olumikizana a Marvel, ndipo anthu amene tinali muholomo tikanakwana m'minibasi imodzi. Mayina atangoyamba ndinatenga jekete langa. Mnyamatayo anandigwira mkono n'kufunsa kuti, "Malume, simudikira?" Ndinamuuza kuti andipeza panja. Chimene chinandidabwitsa ine mwini n'chakuti filimuyo sinandikwiyitse ayi. Ndi yaifupi kuposa anzake onse, ya mphindi 105 zokha, ndipo muli malo angapo amene ndinaseka kuchokera pansi pa mtima. Ndinangopeza kuti chidwi chofuna kudziwa zotsatira chinali chitauma, monga chimaumira chitsime cha m'dambo mwezi wa Okutobala, popanda tsiku limodzi limene munthu ungaloze kuti madzi anathera apa.

Kuti ndifotokoze bwino kutopa kumeneku ndiyenera kubwerera ku Ndirande, kumene ndinaphunzirira kuonera mafilimu. Tinkalowa m'tinyumba ta video show, tamdima ndiponso totentha, n'kukhala pa mabenchi mothithikana, maso ali pa wailesi ya kanema imodzi imene inkaikidwa pamwamba kuti aliyense aone. Tinkaonera Rambo, Jean-Claude Van Damme, Chuck Norris ndi Jackie Chan, Chingerezi chake osachimva, koma nkhani yake tinkaitsatira bwinobwino. Lamulo lalikulu tonse tinkalidziwa, lakuti mwini filimu safa. Amenyedwe chotani, amangidwe ndi unyolo, aponyedwe m'madzi, tinkadziwa kuti adzuka ndipo woipa uja aona zakuda. Komabe palibe amene anatopa nazo, ndipo mawa lake tinkafunafuna ndalama ina yolowera. Ndikaganiza tsopano ndimaona kuti chimene tinkagula ndi ndalama ija chinali mathero. Pakatha ola limodzi ndi theka nkhani inkatha ndithu, woipa atafa, wobedwa atapulumutsidwa, ndipo tinkatuluka panja dzuwa n'kutithobwa m'maso tili okhuta.

Mafilimu oyamba a Marvel anali ndi khalidwe lomweli, kungoti anawonjezapo lonjezo. Kuyambira 2008 mpaka 2012 anatulutsa mafilimu asanu ndi limodzi okha, ndipo mwa asanu oyambirirawo iliyonse inali nkhani yoima payokha: munthu wolemera wodzikonda amene aphunzira kusamala za ena, msilikali wofooka amene apatsidwa mphamvu, mwana wa mfumu amene athamangitsidwa kwawo chifukwa cha matama. Kenako onsewo anakumana mu filimu yachisanu ndi chimodziyo, The Avengers, imene inapanga ndalama zoposa madola 1.5 biliyoni. Kampani ya Disney, imene inagula Marvel mu 2009 pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni, inaona kuti yagula ng'ombe ya mkaka. Koma ngakhale m'zaka zotsatira, liwiro lake linali loti munthu wantchito ankatha kulikwanitsa. Kufika pa Avengers: Endgame mu Epulo 2019 mafilimu onse anali 22 pa zaka 11, kutanthauza awiri pa chaka tikawagawa mofanana. Pakati pa filimu ina ndi inzake pankakhala miyezi yokangana ndi anzako kuntchito, yolosera, yoiwala pang'ono ndi kuyambanso kulakalaka. Kudikirako kunali mbali ya chakudyacho, monga mmene fungo la ndiwo zili pamoto limayambitsira njala.

Pa zaka zonsezo tsiku limene sindidzaiwala ndi la mu Febuluwale 2018, pamene ndinaonera Black Panther. Holo inali yodzaza, anthu ambiri atavala zovala za makolo awo ngati akupita ku ukwati, ndipo pamene John Kani anayamba kulankhula Chixhosa ndi mwana wake wa mufilimuyo, amayi ena kumbuyo kwanga analulutira. Ine chimene chinandigwira mtima chinali china. Pakati pa akuluakulu a mafuko a ku Wakanda, dziko longopeka la mu Africa la m'filimuyo, panakhala Connie Chiume, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa amene bambo ake anali Mmalawi, ndipo ndinadzipeza ndikuloza pa kanema ngati ndaona mbale wanga pa depoti ya mabasi. Mayiwa anamwalira mu Ogasiti 2024. Filimu ija, imene anaitsogolera ndi Ryan Coogler, inapanga madola oposa 1.3 biliyoni ndipo inapikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse. Koma chachikulu pa nkhani yanga n'chakuti munthu ankatha kuilowa osadziwa chilichonse cha mafilimu 17 amene anaitsogolera. Amayi olulutira aja sindikukhulupirira kuti ankamudziwa Thor, ngwazi ina ya Marvel, ndipo sanataye kanthu.

Endgame ndiyo inali mathero amene tinalonjezedwa. Inatenga maola atatu, inapanga madola pafupifupi 2.8 biliyoni, ndipo inachita chinthu chimene ku Ndirande tikanati n'chosatheka, chifukwa mwini filimu anafa. Tony Stark atatsirizika muholo munali zii, ndipo ndinamva bambo wina wamkulu pafupi nane akufwenthera. Opanga filimuyo anadziwa kulemera kwa nthawiyo moti kumapeto kwa mayina sanaikeko kachigawo kolawitsa za m'tsogolo. Wokamba nthano wanzeru akanaimira pomwepo, n'kulola ana kuti akagone, moto n'kuzima wokha.

Koma mu Novembala chaka chomwecho Disney inatsegula Disney+, njira yake yoonetsera mafilimu pa intaneti, ndipo njira yotere ili ngati chigayo chimene chiyenera kulira tsiku lililonse kuti anthu apitirize kulipira mwezi ndi mwezi. Chimanga chothira m'chigayomo chinayenera kuchokera kwinakwake. Mliri wa Covid-19 utachedwetsa zinthu mu 2020, zonse zinakhuthukira chaka chimodzi. Mu 2021 mokha Marvel inatulutsa mafilimu anayi, amene ndi Black Widow, Shang-Chi, Eternals ndi Spider-Man: No Way Home, kuwonjezapo masewero asanu a zigawozigawo a pa Disney+, kuyambira WandaVision mu Januwale mpaka Hawkeye kumapeto kwa chaka. Zimene poyamba zinkatenga zaka zinayi kapena zisanu tsopano zinabwera pa miyezi 12, ndipo zonse zinali zomangirirana.

Kumangiriranako ndiko kunasandutsa chisangalalo kukhala homuweki. Ndinaziona bwino mu 2022 pamene mchimwene wanga wa ku Lilongwe, amene mafilimu amawapeza pa fulashi kwa anyamata obena pamsika, ananditumizira uthenga ataonera filimu yachiwiri ya Doctor Strange. Anafunsa kuti, "Kodi mayi uja Wanda wasanduka liti mfiti, nanga ana akuwalirawo anabereka liti?" Funsolo linali lanzeru ndithu. M'filimu yomaliza imene iye anamuonamo, Wanda anali kumbali ya abwino ndipo analibe mwana. Yankho lake linali m'zigawo zisanu ndi zinayi za WandaVision, zimene iye sanazione ndiponso sankadziwa kuti zilipo. Ndinayesa kumufotokozera, koma nditafika pa uthenga wachinayi ndinaona kuti ndikulemba ngati mphunzitsi wokonzekeretsa ana mayeso. The Marvels ija nayo inali chimodzimodzi, chifukwa mwa akazi atatu otsogolera nkhaniyo, mmodzi mphamvu zake anazipezera mu WandaVision ndipo wina anachokera mu sewero lina lotchedwa Ms. Marvel. Munthu walipira tikiti, wakhala pansi, koma filimu ikumuyankhula ngati wafika mochedwa pa msonkhano.

Ziwerengero za 2023 zinasonyeza kuti otopa tinali ambiri. Captain Marvel ya 2019 inapanga madola oposa 1.1 biliyoni, pamene yotsatira yake, The Marvels, inangopitirira pang'ono madola 200 miliyoni, ndalama zochepa kuposa filimu ina iliyonse ya mndandandawu. N'zoona kuti ochita zisudzo ku Hollywood anali pa sitiraka kuyambira Julaye mpaka Novembala ndipo sanathe kuilengeza mokwanira, koma sitiraka yokha singafotokoze phompho lalikulu chotero. Kumayambiriro kwa chakacho filimu yachitatu ya Ant-Man inayamba bwino sabata yoyamba, kenako ndalama zake zinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti sabata yachiwiri, chizindikiro chakuti amene anaionera anauza anzawo kuti asavutike. Ku DC, kampani yopikisana ndi Marvel pa mafilimu a ngwazi, zinthu zinali zoipirapo. The Flash sinafike madola 300 miliyoni, ndipo filimu yachiwiri ya Aquaman sinapange ngakhale theka la ndalama za yoyamba. Chaka chomwecho anthu anadzaza maholo kukaonera Barbie ndi Oppenheimer, imene ndi filimu ya maola atatu yokamba za wasayansi ndi bomba, choncho sitinganene kuti anthu anasiya kupita ku kanema.

Pali ena amene amatsutsa zoti kutopaku kulipo, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Amati anthu sanatope ndi ngwazi koma ndi mafilimu osakoma, ndipo amaloza filimu yachitatu ya Guardians of the Galaxy, imene inapanga madola oposa 800 miliyoni mu 2023 momwemo, komanso Deadpool & Wolverine, imene inapitirira madola 1.3 biliyoni mu 2024. Pa Guardians ndikuvomereza, ndipo ndikuona kuti ikuthandiza mbali yanga, chifukwa wotsogolera filimuyo, James Gunn, anaipanga ngati kutsanzikana kwenikweni ndi anthu amene tinayenda nawo kuyambira 2014. Koma Deadpool & Wolverine, monganso No Way Home imene inabweretsa Tobey Maguire ndi Andrew Garfield, amene anasewerapo Spider-Man m'mafilimu akale, inagulitsa chikumbutso cha zakale. Anthu anawomba m'manja chifukwa choona nkhope zimene anazikonda ali ana. Hugh Jackman, amene amasewera Wolverine, anali atatsanzika kale mu Logan mu 2017, ndi imfa imene inaliza anthu, ndiyeno anamufukula. Zoterezi zimagwira ntchito kamodzi kapena kawiri, koma ndi kudya mbewu imene unasungira dzinja, ndipo nkhokwe ya nkhope zakale ili ndi pothera.

Apa mpamene ndakhala ndikulimbana ndi maganizo anga, chifukwa kuuka kwa akufa m'nkhani si chinthu chachilendo kwa ife. Agogo anga ankatikambira nthano za Kalulu usiku uliwonse wa m'nyengo yokolola. Iwo akati "Padangotero", ife tinkayankha kuti "Tili tonse", ndipo Kalulu yemweyo ankapusitsa Fisi yemweyo, Njovu yomweyo ndi Mkango womwewo kwa zaka zonse za ubwana wanga. Fisi ankatha kufa Lolemba, Lachitatu n'kupezekanso ali moyo ndi dyera lake lomwe lija, ndipo palibe mwana amene anaimika agogo kuti afotokoze. Nanga bwanji za Kalulu sitinatope nazo, pamene za Marvel zatitopetsa pa zaka zochepa chabe?

Yankho limene ndafikapo n'lakuti agogo sankatisungitsa ngongole. Nthano iliyonse inkayamba pa chiyambi n'kuthera pa mathero ake usiku womwewo, ndipo mwana wobwera kudzacheza kuchokera kumudzi wina ankaimva mofanana ndi ife. Sankatiuza kuti tikumbukire zimene Fisi ananena mwezi watha chifukwa zidzafunika chaka chamawa. Marvel inachita zosiyana. Inatipempha kuti tisunge kaundula wa zonse, amene wafa, amene ali ndi mwala uti, amene anapangana ndi yani, ndipo tinavomera chifukwa inatilonjeza kuti zonsezo zili ndi kulemera. Pambuyo pake inabweretsa chiphunzitso chakuti pali maiko ambirimbiri ofanana ndi lathuli, lililonse ndi Loki wake, Gamora wake ndi Spider-Man wake, moti amene wafa kuno angathe kutengedwa kwina n'kupitiriza. Pamenepo kaundula uja anasanduka pepala lachabe, koma anapitirizabe kutiuza kuti tiziwerenga. Munthu ungapirire nkhani yopepuka imene sikufunsa kanthu, ndipo ungapirirenso nkhani yolemera imene ikufuna khama lako n'kukubwezera. Chotopetsa ndi nkhani yofuna khama la wophunzira wa ku yunivesite pa zinthu zimene mwini wake angazifute mawa.

Umboni wa zimenezi, kwa ine, ndi filimu yachiwiri ya Black Panther. Chadwick Boseman, amene ankasewera T'Challa, mwini filimu ya Black Panther, anamwalira ndi khansa mu Ogasiti 2020 ali ndi zaka 43, ndipo opanga filimu anasankha kusaika munthu wina pamalo pake. Wakanda Forever, imene inatuluka mu Novembala 2022, imayamba ndi imfa ya T'Challa ndi maliro ake, anthu atavala zoyera, kenako chizindikiro cha Marvel chimadutsa popanda nyimbo, chili ndi zithunzi za Boseman yekha. Mphindi zimenezo ndizo zolemera kuposa china chilichonse chimene Marvel yapanga chichokereni Endgame, ndipo chifukwa chake n'chowawa: inali imfa yokhayo imene olemba nkhani sakanatha kuibweza. Aliyense muholo ankadziwa kuti palibe dziko lina kumene angakamutenge. Koma ngakhale filimu imeneyo inalemedwa ndi katundu wa eni ake, chifukwa pakati pa maliro anayenera kupezamo malo odziwitsa anthu za mtsikana wina amene anali kudzakhala ndi sewero lake pa Disney+.

Liwiro lija linaonekeranso pa ntchito yeniyeniyo. Mayina amene ndinkawerenga podikira kachigawo komaliza, mazanamazana aja, ambiri ndi a anthu opanga zithunzi za pa kompyuta, amene amajambula mizinda yogumuka, zilombo ndi thambo long'ambika pamene ochita sewero anangoima patsogolo pa nsalu yobiriwira. Kuyambira 2022 ambiri a iwo anayamba kudandaula poyera za maola aatali ndi kusinthasintha kwa zinthu nthawi itatha kale, ndipo mu Seputembala 2023 ogwira ntchito imeneyi ku Marvel anavota kuti alowe m'bungwe la apantchito la IATSE. Woonera sadziwa zonsezi, koma maso ake amaona zotsatira zake, nkhondo yomaliza ya mumlengalenga yotuwa ngati fumbi, yofanana ndi ya filimu yapita ndi yapitayo. Ngakhale Bob Iger, amene anabwerera pa utsogoleri wa Disney mu Novembala 2022, anavomereza kuti kuchuluka kwa zinthu kunamwaza chidwi ndi kuchepetsa ubwino wake, ndipo mu Meyi 2024 ananena kuti Marvel izitulutsa mafilimu osapitirira atatu ndi masewero awiri pa chaka. Mu 2024 Marvel inatulutsa filimu imodzi yokha.

Martin Scorsese, katswiri wotchuka wopanga mafilimu, ananena mu 2019 kuti mafilimuwa ali ngati malo a masewera osangalatsa alendo, osati luso lenileni la kanema, ndipo anthu anamukalipira kwambiri. Ine sindigwirizana naye kwathunthu, chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene Black Panther inachita kwa anthu muholo ija. Amene ndikuona kuti analoza pafupi ndi Steven Spielberg, katswiri mnzake, amene mu 2015 anati mafilimu a ngwazi adzatsata njira ya mafilimu a makauboyi, amene analamulira Hollywood kwa zaka zambiri kenako n'kuchepa, ngakhale kuti sanatheretu. Zimene zinachitika mu 2025 zikuoneka ngati chiyambi cha njira imeneyo. Marvel inatulutsa mafilimu atatu ndipo palibe imene inayandikira biliyoni, ngakhale Thunderbolts imene olemba za mafilimu ambiri anaiyamikira. Superman ya James Gunn, imene ikuyambitsanso mndandanda wa DC, inapitirira madola 600 miliyoni, ndalama zimene zaka khumi zapitazo zikanaoneka zochepa kwa ngwazi yotchuka chotero koma lero akuziwerengera ngati chipambano. Thunderbolts ndiyo ikundiuza zambiri, chifukwa ikusonyeza kuti kukonza filimu imodzi sikubweza msanga anthu amene anataya chizolowezi.

Njira imene Marvel yasankha pofuna kutibweza inalengezedwa mu Julaye 2024 ku San Diego, pamene munthu wina anakwera pa nsanja atavala chigoba kumaso, n'kuchivula, anthu n'kuona kuti ndi Robert Downey Jr., amene ankasewera Tony Stark. Akubwerera, osati ngati Tony Stark koma ngati Doctor Doom, mu Avengers: Doomsday imene akuti idzatuluka mu Disembala 2026. Anthu amene anali muholomo anakuwa ndi chimwemwe. Ine nditaona kanemayo pa foni ndinakumbukira bambo uja amene ankafwenthera pafupi nane mu 2019, ndipo ndinadzifunsa ngati misozi yake adzamubwezera.

Mphwanga uja anandipeza panja tsiku lija nditatsamira khoma, ndikuyang'ana anthu okwera ndi kutsika pa masitepe oyenda okha. Anandiuza mwachimwemwe kuti ndaphonya, chifukwa kwatulukira chimunthu china chabuluu chaubweya, dokotala wochokera m'mafilimu akale a X-Men. Ndinamufunsa ngati mafilimu akalewo anawaonera, popeza yoyamba inatuluka mu 2000 iye asanabadwe. Anaseka n'kunena kuti, "Ayi malume, zimenezo ndani ali ndi nthawi yake? Pa YouTube pali anthu amene amafotokoza zonse pa mphindi khumi." Anati masewero a pa Disney+ aja nawonso ambiri anawadziwira momwemo, ndipo anzake a kusukulu amachita chimodzimodzi, ena mwa iwo osapita n'komwe kukaonera filimu yeniyeniyo. Tili m'galimoto anatsegula foni yake n'kuyamba kuonera munthu wina akufotokoza tanthauzo la kachigawo kamene iye anali atangokaona kumene.